Chaka Chimene Tinadikira Kaseti ya Chingerezi

Achimwene anga anabwerera kwathu ku Dedza patatha zaka ziwiri chichitikireni chisankho choyamba cha matipate. Anatsika basi ndi sutikesi imodzi ndi katoni ya mabuku, jekete ikuwakulira ngati yobwereka. Akazi awo anali atamwalira chaka cham'mbuyo, ndipo ana analibe. Amayi anawakonzera chipinda chakumapeto, chija cha zenera loyang'ana kuphiri. Aliyense wobwera kudzazonda ankamuuza kuti ndi chifuwa cha fumbi la m'tauni, chitha ndi mpweya wabwino wa kuno. Mpweya wabwinowo ndi womwe unkawalowa m'mafupa, chifukwa kuzizira kwa Juni ku Dedza sikunyengerera munthu wowonda.

Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikugwira ntchito yotayipa pa ofesi ya zankhalango m'munsi mwa phiri. Tsiku lonse ndinkatayipa zilolezo za ocheka matabwa ndi makalata odandaula za moto wolusa, zala zili gwa ndi chisanu.

Ku Lilongwe achimwene ankagwira ntchito yomasulira. Timapepala tambiri tofotokoza kavotedwe, tomwe tinadzaza m'misika nthawi ya riferendamu, tinadutsa m'manja mwawo. Chisankho chitatha anasamukira ku timapepala ta zaumoyo. Anali munthu wokonda mawu, wotha kukangana nawe tsiku lonse pa kusiyana kwa kulola ndi kuvomera. Koma atabwerako sankafunanso kuwerenga. Katoni ya mabuku inakhala pansi pa bedi yosatsegula. Ankangokhala pakhonde atafunda bulangeti, n'kumayang'ana malole a matabwa akutsika m'phiri.

Pa ofesi pathu panali mtsikana wa ku Japan amene anabwera mongodzipereka kudzathandiza kunazale ya mbande za paini. Chingerezi chake chinali chodukaduka, Chichewa chake chochepa koma chaulemu wopitirira, moti ngakhale galu wa alonda ankamufunsa kuti waswera bwanji. Loweruka lina ndinamutengera kwathu kuti akaone mmene timakumbira mbatatesi. Anawapeza achimwene pakhonde, n'kucheza nawo ola lathunthu, mbatatesi kuiwalika. Sanafunse kuti akudwala chiyani. Sabata yotsatira anabweranso, atanyamula kanthu kokulunga m'kansalu.

Kanali kachipangizo kotuwa, kukula kwake ngati kabuku ka nyimbo za kutchalitchi, kokhala ndi kagalasi kobiriwira ndi mabatani ochepa. Kumbuyo kwake ankalowetsako kakaseti kakang'ono. Mlongo wake wamng'ono ndiye anamupatsa ponyamuka kwawo, kuti asamasungulumwe.

"Ndi gemu," anatero mtsikanayo. "Koma ndi nkhani. Mumayenda, mumalankhula ndi anthu. Yaitali kwambiri."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Bambo wandevu ngati ine ndizisewera zidole?"

Anakalandira chifukwa cha ulemu basi. Lolemba nditaweruka ndinawapeza atawerama pa kagalasiko, tiyi amene amayi anawapatsa m'mawa atazizira pambali.

Kagalasiko kanalibe nyali, ndiye gemu inkatheka masana okha. Ankasuntha mpando kutsatira dzuwa, m'mawa pakhonde, masana kuseri kwa nyumba pafupi ndi mtengo wa pichesi. Kankadya mabatire anayi, ndipo wailesi ya amayi ndiyo inkavutika. Mabatire akafooka ndinkawayanika pamalata a khola la nkhuku kuti abwezeko mphamvu pang'ono.

Vuto linali loti zonse zinali m'Chijapani. Timanthu ta mkatimo tikalankhula, pansi pa kagalasi pankatuluka kabokosi ka mizere iwiri kodzaza zilembo zonga mapazi a nkhuku. Pakati pa sabata achimwene ankayenda mongolota, n'kumakopera zilembozo m'kope. Loweruka mtsikana uja ankabwera kudzamasulira, theka m'Chingerezi, theka m'Chichewa, kwinako ndi manja. Ine ndinkakhala pamkeka ndikusenda mbatatesi, ndipo nkhaniyo inandigwira nane.

Inali nkhani ya mnyamata wa m'mudzi wa kumapiri kumene mtsinje unauma. Ananyamuka ndi mlongo wake wamkulu kukafufuza kumene madziwo anatsekeka. Mlongoyo anali wamkamwa, ankamunyoza njira yonse, koma ndiye ankamuchiza akavulala pomenyana ndi zilombo. Achimwene ankati mlongoyo ndine, kungoti ine sindichiza, ndimangonyoza.

Miyezi imeneyo achimwene anasintha. Anayambanso kumeta ndevu Loweruka lililonse. Anatulutsa dikishonale yawo m'katoni. Ankakangana ndi mtsikanayo pa mawu amodzi mpaka tiyi kuzizira.

"Mwati wakwiya. Wakwiya kapena wakhumudwa?"

"Zofanana?"

"Ayi ndithu. Wokwiya amakuyang'ana. Wokhumudwa amayang'ana kumbali."

Mtsikanayo ankaganiza kaye, n'kunena kuti ndiye wakhumudwa, ndipo achimwene ankalemba mokondwa ngati apeza ndalama pamsewu.

Loweruka lina, mvula itatsala pang'ono kuyamba, anafika pa mlatho waukulu. Panali nkhondo yovuta, ndipo itatha mlongo uja anagona pansi osadzuka. Tinadikira kuti mwina pali mankhwala. Kanyimbo ka gemu kanasiya kulira. Mtsikana wa ku Japan anawerenga kabokosiko.

"Akuti chiyani?" anafunsa achimwene.

"Akuti wafa."

"Basi?"

"Basi. Mlongo wako wafa. Mawu ake ndi omwewo."

Kenako anthu a m'mudzi wapafupi anamuika pansi pa mwala, pambali pa kachisi. Anathira mowa pamwalapo. Panatuluka timanthu tina tovala zigoba kumaso, n'kuyamba kuvina mozungulira manda. Mtsikanayo ankamasulira uku akupukuta m'mphuno, ndipo zambiri zinamudutsa chifukwa mawu ankathamanga. Amayi, amene ankabwera ndi mbale ya chinangwa, anasuzumira pa phewa la achimwene.

"Kodi si zinyau izi?"

"Ndi za ku Japan, amayi."

"Za kulikonse. M'nyumba mwanga muno?"

Amayi anali a m'bungwe la amayi kuparishi, ndipo gule akamadutsa mumsewu wathu kupita kumaliro ankatseka chitseko ndi makatani omwe. Anaika mbale pansi n'kubwerera kukhitchini akung'ung'udza. Achimwene sanawatsate ndi nthabwala monga ankachitira. Maso akadali pa kagalasiko, anati, "Anthu awa sanamiza. Munthu wafa, akuti wafa."

Patangotha masabata atatu nthawi ya mtsikanayo ku Malawi inatha. Gemu anatisiyira. Tinamuperekeza pa siteji ya basi, amayi atamumangira thumba la mbatatesi lomwe sakanatha kukwera nalo ndege.

Atachoka, achimwene anapitiriza mongolota mpaka anafika pa chipata china m'phiri. Pachipatapo panali mlonda wokalamba amene ankafunsa funso, ndipo yankho lake munthu ankayenera kulilemba yekha, kusankha zilembo chimodzichimodzi. Anakopera funsolo mosamala n'kulitumiza ku Japan. Yankho linabwera patatha miyezi iwiri. Mlondayo ankafunsa dzina limene mlongo womwalira uja ankaitanira mnyamatayo ali mwana. Mtsikanayo analemba kuti dzinalo liyenera kuti linatchulidwa pa mlatho paja, pomwe iye ankalira m'malo momasulira, ndipo anapepesa katatu. Mlongo wake wamng'ono, mwini gemu uja, anali ataiwala, koma anatumiza mawu awiri ongoganizira. Onse awiri mlonda anawakana.

M'kalata yomweyo munali nkhani imene inatilamulira chaka chonse chotsatira. Gemuyo inali kumasuliridwa m'Chingerezi kuti ikagulitsidwe ku America. Mtsikanayo anali ndi mnzake wophunzira kumeneko, ndipo ikangotuluka adzatitumizira.

Achimwene anawerenga ndimeyo mokweza kawiri. Tsiku limenelo anadya mpunga mbale yonse. Koma m'munsi mwake munali mawu ena: "Nthawi zina akamapititsa kumeneko amasintha zinthu. Amati ana a kumeneko asaone zina."

"Zina ziti?" ndinafunsa.

"Ndikuwadziwa anthu amenewo," anatero achimwene. "Ndakhala nawo mu ofesi imodzi."

Ndi tsiku limenelo pomwe anandiuza za ntchito yawo ya timapepala ta zaumoyo. Ankamasulira molunjika, kenako pepala linkazungulira. Bwana wachizungu, wosadziwa ndi moni yemwe wa Chichewa, ankayeza mizere ndi rula n'kunena kuti yatalika, idulidwe. Akuluakulu ena ankati mawu akuti ndi olaula, mawu akuti aopsa anthu, apa a mpingo akwiya. Pomaliza kapepala kankangotsala ndi mawu oti tiyeni tisamale.

"Tisamale chiyani? Ndinkasayina ndine. Ndinkabwera kunyumba n'kuwauza alamu ako kuti lero tagwira ntchito yabwino."

Aka kanali koyamba kuwatchula akazi awo chibwerereni.

Kudikira kunawapatsa ntchito yatsopano. Anawerenga kuti mzere umodzi wa kabokosi kaja umalowa zilembo zingati, napeza kuti n'zosakwana makumi awiri. Chijapani chimanena zambiri m'zilembo zochepa, Chingerezi ayi. Ndiye womasulira wa ku America adzadula chiyani? Anagula kope lina n'kuyamba kumasulira okha zonse zimene mtsikana uja anatiuza, m'Chingerezi kumanzere, m'Chichewa kumanja, mzere uliwonse wokwana m'kabokosi. Chichewa ndicho chinkawazunza kwambiri. Ankandiitana ndili pakati pochapa.

"Iwe, 'ndikanakhala kuti ndinadziwa' ndingafupikitse bwanji?"

"Ndikanadziwa."

"Ndiye wachotsa kudandaula konse."

"Achimwene, ndili ndi sopo m'manja."

Pofika nyengo yozizira kunabwera envulopu ina, ili ndi tsamba lodulidwa m'magazini ya ku America. Panali chithunzi cha kabokosi kamene gemuyo idzagulitsidwiremo. Pa kakaseti kathu mnyamatayo anali wowonda, ataima ndi mlongo wake akuyang'ana phiri. Pa chithunzi chatsopanocho anali chimunthu chadzitho, mano ali pamtunda, lupanga m'mwamba. Dzina anamupatsa lina lachizungu. Mlongo panalibe.

"Mwina ali kuseri kwa kabokosi," ndinatero.

"Amene amaika mkazi kuseri kwa kabokosi wayamba kale kumufufuta m'nkhani."

Anati tsambalo ndilitaye, kenako analitola n'kulipinda m'kope. Madzulo dzuwa lisanalowe ankalitulutsa n'kuwerenganso timawu ta m'munsi mwake, toti gemu ituluka Khirisimasi isanafike.

Khirisimasi inafika n'kudutsa. Kalata yotsatira inati aimitsa kaye, akukonzabe. Achimwene anati akukonza chiyani chinthu chosawonongeka. Ine Lachisanu lililonse pa nthawi ya nkhomaliro ndinkatsika kupositi ofesi, mpaka bambo wa pawindo ankangondipukusira mutu ndisanafike n'komwe. Pobwerera kunyumba achimwene ankandiona ndikutulukira pa ngodya ya mpanda, n'kuyang'ana m'manja mwanga, osati kumaso.

Thupi lawo silinkadikira nawo. Anadwala mashingozi amene anawazungulira m'nthiti. Kenako anatsegula m'mimba milungu itatu, n'kugonekedwa kuchipatala. Kumeneko ndinkawatengera kachipangizo kaja, ndipo ankapempha bedi la pafupi ndi zenera kuti aziona kagalasi. Ankangopita pa chipata paja n'kuyesa dzina lina. M'kope munali masamba anayi a mayina oyesedwa kale, lililonse lokhwatcha. Ndinawauza kuti ayambirenso gemu yonse, akafike pa mlatho n'kukopera zonse.

"Ndimuphenso kachiwiri?" anandifunsa. "Ndipo ndikopera ziti? Mawu aja amathamanga, manja anga akunjenjemera. Tidikire ya Chingerezi. Ndikufuna ndimve ndekha, popanda wondiuza."

Amayi zonsezi ankaziona ngati misala, koma sankaletsa chifukwa ndi zimene zinkamudyetsa mwana wawo. Ndinawamva tsiku lina akuuza anzawo a kuparishi kuti akudikira mankhwala ochokera kunja.

Phukusi linafika mu Febuluwale, mvula ili pakati, patatha chaka chathunthu chilonjezedwereni. Bambo wa pawindo anandikodola ndili pakhomo. Ndinathamanga nalo m'matope osabwereranso kuofesi. Achimwene anali pabedi. Analitsegula ndi lumo pang'onopang'ono, osang'amba pepala, kenako anati ndiwathandize kuvala shati yoyera ndi kuwatulutsa pakhonde.

Masiku oyamba anali okoma, sindingakane. Anayambira pachiyambi, ndipo aliyense wa m'gemumo ankamveka. Nkhalamba ina imene chaka chonse tinkaiyesa mfiti inapezeka kuti imangodandaula za mawondo. Achimwene ankaseka, n'kumafananitsa ndi kope lawo. Pena ankavomera kuti womasulirayo wawaposa. "Apa ndiye wagwira ntchito, mwana wa eni ake." Pena ankaluma mano. Mlongo wamkamwa uja anali atafatsa. Pomwe kale ankati ndiwe chitsiru, tsopano ankati yesetsa, ukwanitsa. M'nyumba ya alendo momwe anthu ankamwa mowa, tsopano ankamwa supu, n'kumadzandira ndi supuyo.

Pa mlatho anafika Lamlungu masana, titabwera ku Misa. Anandiitana kuti ndidzaone. Nkhondo inali yomweyo, ndipo mlongo anagwa chimodzimodzi. Kabokosi kanatuluka, achimwene n'kuwerenga mokweza. Mawu ake ankati mlongo wako watopa kwambiri, wapita kukapuma kwa azakhali ake kutauni.

Anadina batani. Mwala uja unalipo, koma unasanduka chikwangwani cholozera njira. Kachisi anasanduka sitolo. Ovina a zigoba panalibe ndi mmodzi yemwe. Kanyimbo kankangolirabe mosangalala.

Anayendetsa mnyamatayo molunjika kuphiri, osalankhula ndi aliyense m'njira, mpaka Lachiwiri anafika pachipata. Mlonda wokalamba anali pomwepo. Sanafunse funso lililonse. Anangoti ulendo wabwino, mnyamata, chipata n'kutseguka.

Ndinali nditangoweruka. Ndinawapeza kachipangizo kali pamiyendo, manja ali lende.

"Dzina lija mulibe," anatero. "Achotsa funso lomwe."

Amayi anatuluka ndi kapu ya phala, n'kusuzumira pa kagalasi. "Iyi ndiye yatsopano ija? Mwana uyu akuti ilibe zinyau. Bola imeneyi."

"Amayi," anatero achimwene, "ine ndikudwala chiyani?"

"Chifuwa, mwanangu. Imwa phala lisanazizire."

"Nanga akazi anga anafa ndi chiyani?"

"Malungo aakulu. Ukudziwa."

"Nane mudzawauza anthu kuti ndapita kukapuma kwa azakhali?"

Amayi sanamve za azakhalizo, koma tanthauzo la funsolo analimva. Anaima ndi kapu m'manja.

"Ndili ndi Edzi, amayi. Ndinayezetsa ndisanabwere kuno. Mukudziwa, uyu akudziwa, a kuparishi onse akudziwa. Tangonenani kamodzi."

Amayi anaika kapu pa mpando, n'kuyang'ana kumpanda ngati kuli wina womvetsera. Kenako anatenga khasu n'kupita kudimba, mvula ikuwaza. Anabwerako kutada, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso m'nyumbamo. Ine ndinakwiyira onse awiri, amayi chifukwa chothawa, achimwene chifukwa chowakalipira amayi pa mlandu wa anthu a ku America. Koma nanenso mawuwo ndinali ndisanawatulutsepo pakamwa panga, ndipo tsiku limenelo sindinawatulutse.

Gemu sanaimalize. Kuseri kwa chipata sanapiteko n'komwe. Kakaseti ka Chingerezi anakabwezera m'kabokosi kake, n'kutulutsa kabuku ka malangizo komwe kanabwera nako. Patsamba lomaliza panali keyala ya kampani imene inamasulira. Anati ndibwere ndi pensulo, alembe kalata.

Kulemba okha sankathanso, ndiye ankanena ine n'kumalemba. Inatitengera masiku atatu chifukwa ankatopa msanga. Chinali Chingerezi chosalala, chopanda chipongwe. Anayamba ndi kuyamikira malo amene womasulira anachita bwino, kuwatchula amodziamodzi. Kenako anafunsa kuti ndani anawauza kuti mwana sangamve mawu oti munthu wafa, pamene kuno ana akunyamula nkhata za maluwa sabata iliyonse. Anafunsa chimene ovina aja analakwa. Anapempha chinthu chimodzi, kuti amene ali ndi mawu oyambirira a Chijapani awauze dzina limene mlongo ankaitanira mnyamatayo.

Ndime yomaliza inali ya iwo eni. Anati ndine bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndinali womasulira ngati inu, ndinkadula mawu ngati inu, ndipo ndikufa ndi Edzi. Ngati muyankha, yankhani msanga.

"Ukaitayipe kuofesi," anatero. "Iwoneke ya munthu wamkulu."

Ndinaitayipa Lachinayi pa nthawi ya nkhomaliro. Mu ofesi yathu munali madesiki anayi moyandikana, ndipo mayi wina wosunga mafayilo anali ndi chizolowezi choima kumbuyo kwanga n'kumawerenga zimene ndikutayipa uku akudya chimanga chootcha. Tsiku limenelo sanatuluke. Ndinatayipa zoyamikira, ndinatayipa za ovina, ndinatayipa za dzina. Nditafika pa ndime yomaliza zala zanga zinaima. Panali mnyamata wina woyang'anira ocheka matabwa amene anali atayamba kundiperekeza poweruka, ndipo mayiyo anali azakhali ake. Ndinalumpha ndime yonseyo, n'kutayipa mawu otsanzika ndi dzina la achimwene. Pepala la pensulo ndinaling'amba n'kuliponya m'chimbudzi.

Kunyumba anandifunsa kope lake la kaboni.

"Kaboni anatha," ndinatero. "Koma ndatumiza."

"Yonse?"

"Yonse."

"Wachita bwino, mlongo wanga."

Kuyambira pamenepo Lachisanu linayambiranso. Sankathanso kutuluka pakhonde, ndiye ankamvetsera phazi langa pakhomo. Ndinkalowa n'kunena kuti sinafike, iwo n'kuwerengera milungu imene kalata imatenga popita ndi pobwera, n'kuwonjezera ina iwiri ya ulesi wa anthu. Kangapo ndinatsala pang'ono kuulula. Ndinkadziuza kuti ndilemba ina ndi dzanja, yathunthu, koma pepala ndinali nditataya, ndipo Chingerezi changa sichikanafika pa chawo.

Anamwalira kumayambiriro kwa Juni, m'mawa, chisanu chili mbuu pa udzu. Pamaliro wolankhula m'malo mwa banja anati adwala nthawi yaitali, ndipo anthu anagwedeza mitu. Kwa mtsikana wa ku Japan ndinalemba mizere itatu. Anayankha kalata yaitali yokhala ndi duwa louma mkati, ndipo sindinamuyankhenso. Ndinalibe chomukwiyira chenicheni, koma ndinkati akanapanda kutilonjeza, mwina achimwene akanayambiranso gemu ija manja akadali olimba.

Yankho la kampani linafika mu Ogasiti. Inali envulopu yonyezimira, dzina la achimwene litalakwika chilembo chimodzi. Ndinaitsegulira kunyumba, amayi atakhala pamkeka akusankha nyemba. Munali khadi losindikizidwa kale, lopanda siginecha ya munthu, ndi pepala la zithunzi za magemu ena.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

Ndinawamasulira monga zinalili. Akuti wokondedwa mwana wosewera, zikomo potilembera, timakondwa kumva kwa ana onse okonda magemu athu. Upemphe makolo ako akugulire awa atsopanowa.

Amayi anasiya nyemba. Anatenga khadilo, kulitembenuza, kuyang'ana kuseri komwe kunalibe kanthu.

"Mwana? Akumutcha mwana?"

"Amalembera aliyense chimodzimodzi, amayi."

"Chaka chonse kudikira anthu amenewa." Anandibwezera khadilo. "Kodi iyeyo sanawauze kuti ndi munthu wamkulu? Sanawauze kuti akudwala?"

Ndinati sindikudziwa.

Amayi anandiyang'ana pang'ono, n'kuweramiranso pa lichero. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo za ndime ija sindinawauze. Mnyamata wa matabwa uja anakwatira mphunzitsi wa ku Mayani chaka chomwecho chisanathe.